Kalembedwe ka Chingerezi: Kodi Sikangakonzedwe?

Mwana amene wagwira bwino maphatikizo a Chichewa amawerenga mawu alionse amene mungamuikire pamaso, ngakhale oti sanawamvepo chibadwire. Akangodziwa kuti ichi ndi “ba”, ichi ndi “mbwe”, njira yatseguka. Chiswahili, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chifinishi nazo n’chimodzimodzi: chimene diso laona n’chomwecho chimene pakamwa patulutse. Koma mwana yemweyo mumupatse mawu a Chingerezi awa: “though”, “through”, “rough”, “cough”, “bough” ndi “thought”. Onsewa ali ndi zilembo zinayi zofanana, o-u-g-h, koma palibe awiri amene amatchulidwa mofanana. Pena zilembozo zimamveka ngati “ou”, pena “u”, pena “af”, pena “of”, pena “au”, pena “o”. Palibe lamulo limene mphunzitsi angapereke apa. Chimene angamuuze mwanayo n’chimodzi basi: loweza.

N’chifukwa chake kwa zaka zoposa 450 pakhala anthu, ena aphunzitsi, ena osindikiza mabuku, ena olemba otchuka, wina mpaka pulezidenti wa dziko, amene akhala akulimbikira kuti kalembedwe ka Chingerezi kakonzedwe. Mpaka lero apambana pa tinthu tochepa chabe, ndipo ambiri akamva za iwo amangoti ndi anthu osowa chochita. Komatu mlanduwu ndi woyenera kuumva bwinobwino, mbali zonse ziwiri, popeza Chingerezi sichilinso cha Angerezi okha. Anthu ochilankhula padziko lonse akuyandikira 1.5 biliyoni, koma amene anachiyamwira sakwana 400 miliyoni. Ndiye kuti katundu wa masipelo ovutawa wagwera kwambiri anthu amene anakumana ndi Chingerezi pa bolodi la kusukulu.

Vuto lili pati?

Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44, kutengera kumene wolankhulayo amachokera, koma zilembo zake ndi 26 zokha. Mwa zimenezi, “c”, “q” ndi “x” zimangobwereza ntchito imene zilembo zina zikugwira kale. Kuperewera kwa zilembo pakokha si mlandu. Zilankhulo zambiri zimaphatikiza zilembo ziwiri kuti ziimire liwu limodzi, ndipo wowerenga sasokonezeka malinga ngati phatikizolo silisintha ntchito. Chingerezi chimavuta chifukwa chosakhazikika, ndipo chimavuta mbali ziwiri.

Wolemba amapeza kuti liwu limodzi lili ndi njira zambirimbiri zolilembera. Liwu lija la “i” wokoka mulipeza mu “see”, “sea”, “key”, “field”, “receive”, “people” ndi “machine”, paliponse litavala zovala zina. Liwu la “sh” lili mu “ship”, “sugar”, “nation”, “ocean” ndi “mission”. Wowerenga naye amapeza kuti zilembo zomwezo zimamveka mosiyana: “ea” wa mu “bead” si wa mu “bread”, si wa mu “break”, si wa mu “heart”, si wa mu “learn”. Mawu oti “read” simungawatchule musanadziwe ngati kuwerengako kukuchitika lero kapena kunachitika dzulo.

Ndiye pali zilembo zongokhala duu: “k” wa mu “knife”, “b” wa mu “lamb”, “w” wa mu “write”, “l” wa mu “half”, “s” wa mu “island”. Zili ngati zitsa za m’munda wakale. Mwini munda amene wakulira momwemo amazilambalala osaganiza n’komwe, koma waganyu wofika lero amathyolerapo khasu.

Kuti tisanamizire, Chingerezi si chipwirikiti chokhachokha. Mu 1966 Paul Hanna ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anapatsa kompyuta malamulo ambiri a mmene maliwu amalembedwera, n’kuilembetsa mawu oposa 17,000. Inakhoza pafupifupi theka, ndipo mwa otsalawo ambiri inaphonya pamalo amodzi okha. Okonda kalembedwe kakale amati zimenezi zikusonyeza kuti dongosolo lilipo. Ofuna kusintha amati dongosolo limene limakusiya pa theka la ulendo si loti n’kulinyadira. Onse akunena zoona. Choonjezera n’chakuti mawu osamvera malamulo ndi omwe aja a tsiku ndi tsiku, monga “one”, “two”, “said”, “was”, “you” ndi “of”, amene mwana amakumana nawo pa tsamba loyamba penipeni.

Zinafika bwanji pamenepa?

Palibe munthu kapena komiti imene inakhala pansi n’kupanga kalembedwe kameneka. Ndi zotsalira za ngozi zingapo za m’mbiri, ina pamwamba pa inzake.

Chingerezi chakale chinkalembedwa pafupifupi mmene chinkatchulidwira. Ngakhale m’masiku a mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, munthu potchula “knight” ankayamba ndi “k” womveka bwino, ndipo “gh” linali liwu lotulukira kummero. Zilembo zambiri zimene lero zangokhala zinali ndi ntchito.

Ngozi yoyamba inadza mu 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England. Kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chilankhulo cha kunyumba yachifumu ndi kumakhoti, ndipo alembi ozolowera Chifalansa anayamba kulemba Chingerezi mwa njira yawo: “cwen” anasanduka “queen”, “hus” anasanduka “house”. Panalinso vuto la dzanja. Pa zolembedwa za nthawiyo zilembo “u”, “n”, “m” ndi “i” zinali timizere toimirira tofanana, moti zikagundana diso linkalephera kuzisiyanitsa. Alembi anayamba kuika “o” pamalo pa “u” kuti mawu aoneke bwino, ndipo ndiko kunachokera kalembedwe ka “come”, “some”, “love” ndi “son”. Mwana wa lero akulowezabe mankhwala a nthenda imene inatha pamodzi ndi cholembera cha nthenga.

Ngozi yachiwiri inali makina osindikizira. William Caxton, amene anakhala zaka zambiri ku Bruges, anakhazikitsa makina oyamba a ku England ku Westminster mu 1476. Ena mwa amisiri a ntchitoyi anali a ku Flanders, ndipo akatswiri ambiri amati “h” wa mu “ghost” anabwera ndi iwowo. Osindikiza ankaonjezanso kapena kuchotsa chilembo pofuna kuti mzere ukwane bwino pa tsamba. Koma chinaononga zinthu kwambiri ndi nthawi imene makinawo anafikira. Kuyambira cha m’ma 1400 mpaka cha m’ma 1700 katchulidwe ka mavawelo okoka kanali kakusintha kwambiri, kusintha kumene akatswiri amakutcha Great Vowel Shift. Kale “time” ankamveka ngati “tiime”, “name” ngati “naame”, “house” ngati “huus”. Pakamwa panapitirira ulendo, pepala linatsalira. N’chifukwa chake Mngerezi amatcha chilembo “a” kuti “ei”, “e” kuti “ii”, “i” kuti “ai”, mosiyana ndi pafupifupi wina aliyense wogwiritsa ntchito zilembo za Chilatini.

Ngozi yachitatu inali yochita kuipanga dala. Anthu ophunzira a m’zaka za m’ma 1500 ankalemekeza Chilatini koposa, ndipo anafuna kuti mawu a Chingerezi azionetsa makolo awo. Mawu amene ankalembedwa “dette” anawaika “b” kuti afanane ndi “debitum”, n’kukhala “debt”. “Doute” anakhala “doubt”. Palibe Mngerezi amene anayamba watchulapo “b” ameneyu. Pena ophunzirawo ankaphonya kumene: “iland” ndi mawu a Chingerezi chenicheni, koma anawapachika “s” poganiza kuti ndi mbale wa “insula” wa Chilatini. “Could” analandira “l” pongotsanzira “would” ndi “should”. Pofika mu 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake yotchuka, zambiri mwa izi zinali zitamera mizu, ndipo dikishonaleyo inangozidinda chidindo.

Amene amalipira ndani?

Mfundo yaikulu ya ofuna kusintha si yakuti kalembedweka n’konyansa. Ndi yakuti kamadya nthawi ya ana. Mu 2003 Philip Seymour, Mikko Aro ndi Jane Erskine anafalitsa kafukufuku woyerekeza ana a chaka choyamba cha sukulu m’maiko angapo a ku Ulaya. Pakutha pa chakacho ana a ku Finland, Greece, Italy, Spain ndi Germany ankawerenga molondola mawu osavuta oposa 90 pa 100 alionse. Ophunzira Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chidanishi anali pakati pa 70 ndi 80. Ana a ku Scotland, ophunzira kuwerenga Chingerezi, chilankhulo chawo chomwe, anakhoza 34 okha. N’zoona kuti anawa amayamba sukulu ali aang’ono poyerekeza ndi ena, koma ofufuzawo anaona kuti msinkhu pawokha sungafotokoze kusiyana konseko. Anapeza kuti kuika maziko a kuwerenga m’Chingerezi kumatenga nthawi yoposa kuwirikiza kawiri.

Ana amene ubongo wawo umavutika mwachibadwa kulumikiza zilembo ndi maliwu, vuto lija lotchedwa dyslexia, ndiwo amaona zakuda zenizeni. Mu 2001 Eraldo Paulesu ndi anzake anayeza anthu a vutoli a ku Italy, France ndi England. Mu ubongo chizindikiro cha vutoli chinali chofanana mwa onse, koma a ku Italy ankawerenga bwino kuposa anzawo, chifukwa Chitaliyana chimalembedwa mosabisa. Kalembedwe sikayambitsa vutoli, koma kamalikulitsa kapena kulichepetsa. Ndipo si mwangozi kuti mpikisano wa masipelo ndi mwambo waukulu ku America, kumene wa dziko lonse unayamba mu 1925. M’chilankhulo chimene mawu amalembedwa mmene amamvekera, mpikisano wotere ungasowe wogonja.

Ngati ana a eni chilankhulo amavutika chonchi, kuli bwanji amene kunyumba kwawo sachimva n’komwe? Lowani m’kalasi ya Sitandade 5 pa nthawi ya lembetso. Mphunzitsi atchula “friend”, mwana alemba “frend”, cholembera chofiira chidutsapo. Komatu mwanayo wamva bwino, ndipo watsata lamulo lomwe anaphunzira mu “bend”, “send” ndi “lend”. Wachita zimene munthu woganiza amachita. Akadulidwa chonchi kangapo, phunziro limene amatolapo ndi lakuti kuganiza kumagwetsa, kuloweza ndiko kumapulumutsa. Ku Malawi nkhaniyi si yamasewera, popeza wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena, ndipo malamulo a dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Nkhaniyi ndi yaikulunso ku Zambia, ku Nigeria, ku India ndi kwina konse kumene Chingerezi ndicho chipata cha sukulu ndi ntchito.

Amene anayesapo

Madandaulo anayamba kalekale. John Hart anatulutsa buku lopempha kusintha mu 1569, William Bullokar mu 1580. Mu 1768 Benjamin Franklin anakonza alifabeti yake, n’kuchotsamo “c”, “j”, “q”, “w”, “x” ndi “y”, n’kuikamo zilembo zatsopano 6. Palibe anawatsatira.

Amene anaphulapo kanthu ndi Noah Webster wa ku America. Kabuku kake kophunzitsira masipelo, kamene kanatuluka mu 1783, kanalowa m’sukulu zambiri zedi, ndipo madikishonale ake a mu 1806 ndi 1828 anakhazikitsa “color”, “center” ndi “defense” m’malo mwa “colour”, “centre” ndi “defence”. Koma atayesa kupita patali, ndi “tung” pa “tongue” ndi “wimmen” pa “women”, anthu anamukana. Anapambana pamene anadulako pang’ono, makamaka pa mawu amene ankalembedwa kale pawiri.

Nkhani ya mu 1906 ndiyo imaonetsa bwino mmene ntchitoyi imafera. Chaka chimenecho ku America kunabadwa bungwe la Simplified Spelling Board, ndipo mponda matiki Andrew Carnegie analonjeza kulipatsa ndalama chaka chilichonse. Wolemba mabuku Mark Twain anali mmodzi wa mamembala. Bungweli linatulutsa mndandanda wa mawu 300. Ambiri anali oti anthu a ku America ankawalemba kale motero, koma munalinso “tho”, “thru”, “fixt” ndi “kist”. Mu August Pulezidenti Theodore Roosevelt analamula kuti ofesi yosindikiza zikalata za boma iyambe kutsata mndandandawo. Nyuzipepala za ku America ndi ku Britain zinamuseka mosaneneka. Khoti lalikulu silinalabade. Mu December aphungu anagwirizana kuti zikalata za boma zizitsata madikishonale odziwika, ndipo Roosevelt anabweza lamulo lake pasanathe miyezi 4. Chinapha ntchitoyi si mfundo ayi, koma chipongwe, komanso kuipidwa kwa anthu poona mtsogoleri akuwauza kalembedwe. Nyuzipepala ya Chicago Tribune inayesa payokha kuyambira mu 1934, koma owerenga sanaitsanzire, ndipo mu 1975 inagwetsa manja.

Ku Britain bungwe la Simplified Spelling Society linayamba mu 1908, ndipo lilipobe ndi dzina loti English Spelling Society. Wolemba masewero George Bernard Shaw, amene anamwalira mu 1950, analemba mu wilo yake kuti chuma chake chithandize kupanga alifabeti yatsopano. Wiloyo inakathera kukhoti, ndipo pamapeto panapatulidwa mapaundi 8,300 okha. Kingsley Read anapanga alifabeti ya zilembo 48 zosafanana n’komwe ndi za Chilatini, ndipo mu 1962 sewero limodzi la Shaw linasindikizidwa m’zilembozo. Kunali kuyamba, kunali kutha.

Ku Nyumba ya Malamulo ya ku London phungu Mont Follick anabweretsa bilu mu 1949, n’kugonja ndi mavoti 87 kwa 84. Mu 1953 bilu ina inadutsa gawo lachiwiri ndi mavoti 65 kwa 53, koma inachotsedwa boma litalonjeza kuti silidzatsekereza kafukufuku. Zotsatira zake zinali alifabeti yophunzitsira ana oyamba ya James Pitman, ya zilembo 44, imene inalowa m’sukulu mu 1961. Ana ankayamba kuwerenga msanga ndithu, umboni wakuti kalembedwe kosabisa kamathandiza. Koma akafika zaka 7 ankayenera kusiya zonsezo n’kuyamba kalembedwe ka onse, ndipo ambiri anasokonezeka. Mapanga awiri avumbwitsa. Njirayi inazilala pang’onopang’ono.

Phunziro la mbiri yonseyi ndi losabisika: amene anafuna kugwetsa zonse n’kumanga zatsopano analephera onse.

Zimene otsutsa amanena

Funso lawo lolimba koposa ndi ili: titsatira katchulidwe ka ndani? Munthu wa ku Glasgow, Dublin kapena Chicago amatchula “r” mu “farm”, wa ku London kapena Sydney satero. Wa ku London ndi wa ku Manchester amasiyana pa “bath”. Onjezanipo Lagos, Mumbai ndi Kingston. Aliyense atati azilemba mmene amalankhulira, Chingerezi cholembedwa chikhoza kugawanika. Kalembedwe kosakondera pakamwa pa aliyense ndi kamene kamangirira onsewa pamodzi. Mfundo imeneyi ikukwirira maloto a Shaw, ndipo palibe chifukwa choikanira. Koma siiteteza “b” wa mu “debt” kapena “i” wa mu “friend”, zilembo zimene palibe amazitchula kulikonse pansi pano.

Chachiwiri, amati kalembedweka kamasunga ubale wa mawu. “G” wa mu “sign” samveka, koma amadzuka mu “signature”. Mathero a “-ed” amamveka patatu mu “walked”, “played” ndi “wanted”, koma diso limadziwa nthawi yomweyo kuti zonsezi n’zochitika kale. Noam Chomsky ndi Morris Halle, m’buku lawo la mu 1968, anafika ponena kuti pa chifukwa chimenechi kalembedwe ka Chingerezi kali pafupi ndi kabwino koposa. Mfundoyi ili ndi nzeru, ndipo wokonza aliyense ayenera kuisamala. Koma nanga bwanji “speak” ndi “speech”, “four” ndi “forty”, “proceed” ndi “precede” amalembedwa ngati sadziwana? Bwanji “receipt” ali ndi “p” pamene “deceit” alibe? Ubale umasungidwa apa, n’kutayidwa apo, popanda chifukwa.

Chachitatu, amati mawu omveka mofanana, monga “right” ndi “write”, angasokonekere atalembedwa mofanana. Komatu polankhula sitisokonezeka nawo, ndipo Chingerezi chili kale ndi mawu ambiri monga “bank”, “bat” ndi “well” amene ali ndi matanthauzo angapo pa kalembedwe kamodzi. Owerenga Chichewa amadziwa kuti chiganizo ndicho chimamasula: palibe amene amasokoneza mtengo wa mango wobzala ndi mtengo wa mango wa pamsika, ngakhale kalembedwe sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu.

Chachinayi, amati mabuku akale adzakhala osawerengeka. Izi zingachitike alifabeti itasinthidwa, koma osati zilembo zochepa zitachotsedwa. Ndipotu mabuku akalewo anasinthidwa kale. Masewero a Shakespeare amene ophunzira amawerenga sali m’kalembedwe ka buku la mu 1623. Baibulo la King James limene lili m’manja mwa anthu limatsata kwambiri kalembedwe kamene Benjamin Blayney anakonza ku Oxford mu 1769, osati ka mu 1611.

Chachisanu ndi cha masiku ano: foni ndi kompyuta zimakonza zokha masipelo. Zimathandizadi munthu wamkulu wolemba kalata. Koma mwana wa zaka 6 woyang’ana “laugh” pa tsamba sizimuthandiza, ndipo m’chipinda cha mayeso sizilowa.

Palinso chifukwa china chimene sichinenedwa poyera. Munthu amene anakhetsa thukuta kuti aloweze masipelo safuna kuona thukutalo litasanduka lachabe. Masipelo akhala chizindikiro chosiyanitsira wophunzira ndi wosaphunzira, ndipo kalata yofunsira ntchito imatha kutayidwa chifukwa cha chilembo chimodzi. Thorstein Veblen anaona zimenezi mu 1899, pamene anaika kalembedwe ka Chingerezi m’gulu la zinthu zimene anthu apamwamba amazikonda chifukwa choti n’zovuta ndi zodya nthawi. Amene ali ndi mphamvu zosintha ndi omwe aja amene vutoli linawathera kale.

Ena anatha bwanji?

Zilankhulo zina zakonzapo kalembedwe kawo, dziko osagwa. Russia inachotsa zilembo zingapo mu 1918. Turkey inasiya zilembo za Chiarabu mu 1928 pa lamulo la mtsogoleri wake Atatürk, ngakhale kumeneko zinatheka chifukwa odziwa kuwerenga anali ochepa ndipo boma silinkafunsa munthu. Indonesia ndi Malaysia anagwirizanitsa kalembedwe kawo mu 1972, Djakarta n’kukhala Jakarta. Maiko olankhula Chijeremani anasainirana pangano mu 1996. Kunali phokoso, nkhani inafika kukhoti lalikulu, nyuzipepala zina zinabwerera ku zakale, ndipo mu 2006 malamulowo anakonzedwanso, koma lero ana amatsata kalembedwe katsopanoko osadziwa n’komwe kuti panali nkhondo. Chichewa nacho chinadutsa momwemo: bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n’kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990.

Konseku panali mwini nkhani, boma kapena bungwe loyang’anira chilankhulo. Chingerezi chilibe. Jonathan Swift anapempha bungwe lotere mu 1712, koma silinabadwe, ndipo lero palibe boma limene lingalamule London, Washington, Delhi ndi Abuja nthawi imodzi.

Komabe Chingerezi chimasintha mwakachetechete. Johnson ankalemba “musick” ndi “publick”, koma “k” uja anagwa ku Britain ndi ku America komwe. “Shew” anagonja kwa “show”, “phantasy” kwa “fantasy”, ndipo “gaol” watsala pang’ono kutheratu pamaso pa “jail”. Mu 1990 bungwe la akatswiri a kemisitiri padziko lonse, IUPAC, linasankha “sulfur” m’malo mwa “sulphur”. Kawirikawiri njira yake ndi imodzi: kalembedwe kawiri kamakhalira limodzi, kenaka kosavuta kamapambana.

Chigamulo

Tikaika zonse pa sikelo, ofuna kusintha akulondola pa matenda, koma ambiri a iwo analakwitsa mankhwala. Alifabeti yatsopano siifunika, ndipo kulemba liwu lililonse mmene limamvekera n’kosatheka pa chilankhulo cha makamwa ambiri chotere. Chotheka, chimenenso chili ndi phindu, ndi kuchotsa zilembo zimene palibe amazitchula ndiponso sizilumikiza mawu ndi abale ake, ndi kuwongola mawu mazana angapo a tsiku ndi tsiku amene amapunthwitsa ana. Maganizo otere alipo kale. Harry Lindgren wa ku Australia anapempha mu 1969 kuti ayambe ndi lamulo limodzi lokha, lakuti liwu la “e” wamfupi lizilembedwa “e”, monga “hed”, “sed” ndi “frend”. Christopher Upward wa ku Britain anaonetsa mu 1992 kuti kungodula zilembo zopanda ntchito kumasiya mawu ozindikirikabe kwa aliyense wodziwa kuwerenga.

Sipafunikanso kukakamiza munthu. Pangofunika kuti olemba madikishonale alembe kalembedwe kosavutako pambali pa kakale, ndipo mabungwe a mayeso asiye kukadula. Wozolowera zakale apitirize zakalezo mpaka kumanda. Wamva m’mimba ndiye atsekula chitseko: maiko a mu Africa ndi Asia, kumene kuli ophunzira Chingerezi ochuluka, ali ndi ufulu wonse wokamba nkhaniyi, osadikira kuti London kapena Washington ayambe.

Pakadali pano masipelo ndi omwewa, ndipo mwana wofuna kukhoza mayeso ayenera kuwadziwa. Choncho aphunzitsi ndi makolo, phunzitsani malamulo amene alipo, ikani mawu osamvera malamulo m’magulu kuti alowezeke msanga, ndipo ana ayambe agwira bwino kuwerenga m’chilankhulo chawo. Koma mwana akalemba mawu mmene wawamvera, mukonzeni mosamunyoza, ndipo muuzeni zoona: mutu wake uli bwinobwino, chokhota ndi kalembedweko.